Gogoda Msanga, Mzati

Wabwera ndi mapewa otukumuka a ku Biwi,
kumene mumanyamula simenti youmira m'zitini za penti.
Wayang'ana holo yathu ya ku Kawale,
mateti asanu ndi atatu, awiri omata ndi tepi,
wati mumtima: awa ndiwapinda ngati zochapa.
Nanenso ndinatero.

Vula nsapato. Fumbi la Okutobala litsale pakhomo.
Wenga zikhadabo. Sabata yatha Ndaziona
anapita ku ntchito ndi mzere wofiira pakhosi,
banki yonse ikunong'ona.

Ndaziona yemweyo, wochepa ngati mwana wa Fomu 2,
ndiye akugonere pachifuwa lero.
Umva ngati yakukhalira minibasi ya ku Chinsapo,
anthu anayianayi, kondakitala ndi matumba omwe.
Usamukankhe. Mkono wotambasuka ndi mphatso,
ndipo iye mphatso sabweza.
Zigongono zimamatire kunthiti
monga umapanira chikwama podutsa m'depoti madzulo.

Ndipo puma.
Wamva? Puma.
Mwezi wanga woyamba ndinkalimbana ndi mpweya wanga womwe,
mphindi ziwiri ndatheratu, lilime lili panja,
pamene a Kaliwo, imvi mbuu, bondo limodzi lokana,
ankandifunsa mtengo wa feteleza
ali phee pamsana panga.

Khosi likathina, gogoda.
Pantchafu pake, pateti, ndi phazi ngati manja agwidwa,
kapena ungofuula. Palibe akulemba m'kaundula.
Ine tsiku lina ndinakana
chifukwa pawindo panaima mtsikana wa ambulera yobiriwira.
Chigongono chinalira, thwa!
Miyezi itatu njinga yanga ya kabaza itatsamira khoma,
landilodi akugogoda m'malo mwanga.
Mtsikanayo ankangodikira kuti mvula ikate.

Ndikudziwa, usiku uno ukamaliza bandulo
poonera azungu akuzungulira mozondoka ngati mileme.
Onera, si mlandu. Koma mawa
a Kaliwo akakugoneka chammbali,
akati sendeza chiuno, thawitsa thako, bweza bondo,
kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo,
kubwerera, kupitanso,
mpaka udzafunsa ngati unalipira kuti uzikolopa holo.
Jiu-jitsu ya ku Brazil imakhala momwemo,
m'kanthu kotopetsa kamene ukukanyozako.
Yamba waphunzira kutuluka pansi pa munthu.
Zopotokola anzako zidzakupeza.

Akakupinda, funsa: ndinatsegula pati?
Funso limodzi, osati khumi.
Ulilembe kuseri kwa lisiti ngati kope ulibe.

Jekete ukaipeze pa kaunjika ku Tsoka,
ya judo imagwira ntchito, manja ukafupikitse kwa telala.
Uziichapa tsiku lomwelo,
ngakhale mipopi itauma, ngakhale ndi ndowa yogula.
Tonse timaika nkhope m'khwapa mwako,
utichitire chifundo.

Za lamba usafunse.
Wanga woyera unakhala zaka zitatu
mpaka unasanduka wa mtundu wa msewu wa ku Mgona.
Tsiku lomwe anandimanga wabuluu
Ndaziona anandigogodetsa kanayi, osamwetulira n'komwe.

Padzabwera mnyamata wina watsopano,
mapewa otukumuka, wochokera kaya ku Mchesi.
Udzamugonera pachifuwa osadziwa kuti waphunzira liti,
udzamva mtima wake ukugunda ngati chigayo cha dizilo.
Pamenepo usadzabweze ngongole zako pa iye.
Udzamusiyire kampata, apume.

Magetsi azima, ona.
Palibe kanthu, Sekerani ayatsa tochi ya foni,
ndipo masewerawa safuna maso kwenikweni.
Bwera, gwada apa. Tiwombane m'manja, tigundane zibakera.
Lachinayi thupi lonse lidzakhala likukutukwana,
masitepe a minibasi adzatalika.
Udzabwerebe.
Tsopano ndigwire kolala. Ayi, osati ndi ukali wonsewo,
zala zimenezo uzifunanso mawa.